Wodwala impso asatengenso matenda ena pampando wa chipatala

Munthu amene impso zake zaleka kugwira ntchito alibe kothawira. Kawiri kapena katatu pa sabata amakhala pampando wa chipatala kwa maola anayi, singano ziwiri zikuluzikulu zili pamkono, magazi ake akutuluka m'thupi, kudutsa m'timapaipi ndi m'sefa ya makina a dialysis, n'kubwereranso. Pa maola amenewo magazi ake onse amazungulira kunja kwa thupi kambirimbiri. Sanganene kuti lero ndatopa, ndipita mawa. Akajomba, madzi amadzaza m'mapapo, mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi mpaka kuimitsa mtima. Moyo wake wauika m'manja mwa anthu ena, ndipo sabata iliyonse amauikanso.

N'chifukwa chake nyuzipepala ino ikulankhula mosapsatira. Munthu wotere akayamba dialysis alibe kachirombo ka hepatitis B, hepatitis C kapena HIV, n'kudzapezeka nako chifukwa cha zochitika m'chipatalamo, wina asatiuze kuti ndi tsoka. Ndi kulephera kwa anthu amene ali ndi maina, maudindo ndi malipiro. Ndipo chipatala chikadziwa koma n'kukhala chete, chalakwa kachiwiri, kulakwa koposa koyamba kuja.

Amene akuganiza kuti zoterezi ndi za maiko osauka okha amve zomwe zinachitika ku Singapore. Singapore General Hospital ndi chipatala chachikulu kuposa zonse m'dzikolo, dziko la ndalama, la madokotala ophunzira bwino ndi zipangizo zamakono. M'chaka cha 2015 odwala impso amene anagonekedwa m'mawodi awiri, 64A ndi 67, anayamba kupezeka ndi hepatitis C mmodzimmodzi. Onse pamodzi anakwana 25, ndipo 20 mwa iwo anali anthu oikidwa impso ya munthu wina. Anthu 8 anamwalira, ndipo akatswiri anati mwa imfa zimenezi, 7 ziyenera kuti zinakhudzana ndi kachiromboka. Ku labotale kunaoneka kuti tizirombo ta odwalawo tinali tofanana kwambiri, kusonyeza kuti tinachokera kumodzi n'kumayenda kuchoka pa bedi ili kupita pa bedi ilo.

Komiti yoima payokha imene boma linakhazikitsa inatulutsa lipoti lake mu Disembala chaka chomwecho. Sinapeze munthu wa chiwembu, sinapezenso mankhwala obwera ndi kachirombo kuchokera ku fakitale. Inapeza tinthu timene munthu wotanganidwa amati n'tating'ono: ogwira ntchito osatsata ndondomeko potenga magazi ndi pobaya mankhwala m'mitsempha, timatebulo ta matayala tonyamulira zipangizo tosapukutidwa bwino, malo ogwirira ntchito okhala ndi madontho. M'chipinda chokonzera mankhwala, chomwe chimayenera kukhala chaukhondo kuposa zipinda zonse za m'wodi, anapeza kadontho ka magazi pakhoma. Atakayeza, munali hepatitis C. M'chipinda chimenecho anthu ankadutsa tsiku ndi tsiku atanyamula majakisoni opita m'mitsempha ya anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi chinali chofooka kale.

Chotipweteka mtima kwambiri ndi nthawi imene inatayika. Pofika Juni chipatala chinali chitaona kuti odwala opezeka ndi kachiromboka akuchuluka modabwitsa. Unduna wa zaumoyo unauzidwa kumapeto kwa Ogasiti. Nduna, a Gan Kim Yong, inamva mu Seputembala. Anthu wamba anauzidwa pa 6 Okutobala. Miyezi yonseyi panali anthu amene anagonapo m'mawodi aja n'kubwerera kwawo, osadziwa kuti ayenera kukayezetsa, osadziwa kuti ayenera kuteteza akazi awo ndi amuna awo. Akuluakulu anati mwabisa matenda, maliro tidzamva, ndipo ku Singapore maliro anamvekadi. Mu Malichi 2016 akuluakulu 16 analangidwa, 12 a chipatala ndi 4 a unduna, ena pochenjezedwa, ena podulidwa ndalama, koma maina awo sanatchulidwe. Ife tikuti chilango chobisa maina pa imfa za anthu ndi kupitiriza khalidwe lomwe lija limene linachedwetsa uthenga.

Palibe chatsopano pa nkhaniyi, ndipo apa ndi pamene chowiringula chilichonse chimathera. M'zaka za 1969 ndi 1970 hepatitis B inalowa m'zipinda za dialysis ku Edinburgh, ku Scotland, n'kupha odwala pamodzi ndi ogwira ntchito anayi. Zipinda zina za dialysis ku Britain zinagwidwanso ndi mliri womwewo. Mu 1972 komiti yotsogozedwa ndi Lord Rosenheim inalemba malamulo: yezani odwala ndi ogwira ntchito kawirikawiri, patulani amene ali ndi kachirombo, chepetsani kuika anthu magazi, samalani dontho lililonse. Nthawi imeneyo katemera kunalibe, anadzabwera mu 1981, koma malamulo okhawo anathetsa miliri ija. Papita zaka zoposa 50. Chipatala chimene lero chingafalitse hepatitis B pakati pa odwala ake sichinganene kuti sayansi inali isanafike.

Anthu ambiri, ngakhale achibale a odwala, amaopa makinawo, poganiza kuti magazi a wodwala wa m'mawa amatsalira m'kati n'kusakanikirana ndi a wodwala wa masana. Timapaipi ndi sefa zikakhala zatsopano kwa munthu aliyense, ndiponso makina akatsukidwa monga mwa malamulo, njira imeneyo imatsekeka. Njira yotseguka kwambiri ndi manja. Namwino akuzula singano pamkono wa wodwala, magolovesi ali ndi magazi, belu la makina a pambali layamba kulira. Amatembenuka n'kudina batani asanavule magolovesi. Batani limenelo adzalidinanso wina, kenako n'kukagwira pamene pali singano ya munthu wachitatu. Kapena botolo limodzi la heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, likugwiritsidwa ntchito kwa odwala angapo, ndipo jakisoni imene yakhudza kale magazi yalowetsedwamo kamodzi kokha. Botolo lonselo laipa, koma m'maso likuoneka loyera.

Kachirombo ka hepatitis B kamakhala ndi moyo kwa masiku 7 kapena kuposa m'magazi ouma pa tebulo, pa lumo kapena pa chogwirira cha mpando, ngakhale magaziwo asakuoneka. Munthu akabayidwa mwangozi ndi singano yochokera kwa wodwala HIV, mwayi wotenga kachiromboko ndi pafupifupi 3 pa 1,000. Singanoyo ikachokera kwa munthu amene hepatitis B yachuluka m'magazi mwake, mwayiwo ungafike 30 pa 100. Tonse tinaphunzitsidwa kuopa Edzi, koma m'chipinda cha dialysis mdani wosavuta kufala ndi uyu wa chiwindi, amene amakhala zii kwa zaka kenako n'kuumitsa chiwindi kapena kuyambitsa khansa.

Sitikufuna kuti mlandu wonse ugwere namwino uja. Namwino amene wapatsidwa odwala ochuluka kuposa mphamvu zake, amene bokosi la magolovesi amachita kuliwerengera kuti lifike Lachisanu, amene akuuzidwa kuti achotse wodwala uyu msanga chifukwa gulu lachiwiri likudikira pakhonde, adzadumpha ndithu sitepe ina. Amene anakonza ndandanda yotero, amene anachedwetsa kugula zipangizo, amene anasainira kuti mabotolo aakulu ogawana ndi otchipa, ndiye woyamba kuyankha. Ku Egypt mu 1993 odwala 39 m'zipinda ziwiri za dialysis anatenga HIV, ndipo ofufuza anapeza kuti majakisoni ankagwiritsidwa ntchito kwa anthu angapo. Kupulumutsa ndalama ya jakisoni kunadyetsa anthu moyo wawo.

Zofunika kuchita n'zodziwika, ndipo zambiri sizodula. Wodwala aliyense ayezedwe matenda onse atatu asanalumikizidwe ku makina koyamba. Amene alibe chitetezo ku hepatitis B aziyezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo hepatitis C iziyezedwa miyezi 6 iliyonse. Wopezeka ndi hepatitis B akhale ndi chipinda chake, makina ake, ndi namwino amene tsiku limenelo sakugwira odwala ena opanda chitetezo. Mankhwala obaya azikonzedwera kutali ndi mipando ya odwala, ndipo chilichonse chimene chafika pa mpando wa wodwala mmodzi chisabwererenso pa tebulo la onse. Katemera wa hepatitis B sagwira bwino mwa munthu amene impso zake zafa kale, motero odwala a dialysis amapatsidwa mlingo wowirikiza kawiri, n'kuyezedwa ngati wagwira. Dokotala wanzeru amabaya katemerayu impso zikangoyamba kufooka, osadikira tsiku loyamba la dialysis.

Kwa munthu woikidwa impso nkhani imakula. Kuti thupi lisakane impso yachilendo, amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone, moyo wake wonse. Kachirombo kamene kakanatenga zaka 20 kuti kawononge chiwindi cha munthu wamphamvu, mwa iyeyu kangachite zimenezo m'miyezi yochepa. Ndicho chifukwa chake mliri wa ku Singapore unapha anthu ambiri chotero. Ndipo impso yomweyo, mphatso imene munthu waidikira kwa zaka, ikhoza kubwera itanyamula matenda.

Mu Okutobala 2024 zinadziwika kuti anthu 6 oikidwa ziwalo m'chigawo cha Rio de Janeiro ku Brazil, ena mwa iwo oikidwa impso, anatenga HIV kuchokera kwa anthu awiri opereka ziwalo. Labotale ya PCS Lab Saleme, imene inapatsidwa ntchito yoyeza magazi a opereka ziwalo, inali italemba kuti anthuwo alibe kachirombo. Apolisi ananena kuti ntchito yotsimikizira kuti mankhwala oyezera akugwira bwino, yomwe inkayenera kuchitika tsiku ndi tsiku, inasinthidwa kuti izichitika kamodzi pa sabata pofuna kuchepetsa ndalama zowononga. Nkhaniyi inaululika chifukwa munthu wina woikidwa mtima anadwala patapita miyezi, madokotala n'kuyamba kufufuza. Ku Taiwan mu 2011 anthu asanu anaikidwa ziwalo za munthu wa HIV chifukwa wogwira ntchito pa National Taiwan University Hospital anamva molakwa zotsatira pa foni, ndipo palibe amene anakaona zolembedwa opaleshoni isanayambe. Wina anaumira ndalama, wina anakhulupirira khutu lake. Onsewa analephera pa ntchito imene inali yawo yeniyeni.

Tinene chilungamo, pali ngozi ina imene ngakhale labotale yosamala ingakumane nayo. Munthu akangotenga kumene kachirombo, pamapita masabata angapo njira wamba zoyezera zisanakaone. Ku Chicago mu 2007 anthu anayi anatenga HIV ndi hepatitis C kuchokera kwa wopereka ziwalo mmodzi amene anayezedwa ndithu, zotsatira n'kuonetsa kuti alibe. Koma ngakhale apa yankho linapezeka: njira yoyeza kachirombo kenikeniko m'magazi, yotchedwa NAT, imene imafupikitsa kwambiri nthawi yobisikayo, komanso kumuuza wolandira chiwalo zoona zake za ngoziyo kuti asankhe yekha, ndi kumuyezanso pakapita masabata.

Zonsezi zikutikhudza ife kuno kwathu. Ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli abale athu amene moyo wawo uli pa makina amenewa. Makina ndi ochepa, ofuna thandizo ndi ambiri, ndipo pamene pali kupanikizana pamakhala chiyeso chodumpha malamulo. Kafukufuku wochitika m'dziko muno waonetsa kuti mwa akuluakulu 20 aliwonse, pafupifupi mmodzi kapena kuposa ali ndi hepatitis B, ndipo ambiri sadziwa. Katemera wa matendawa analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002. Aliyense wobadwa chakacho chisanafike sanaulandire ku sikelo, ndipo m'gulu limeneli ndi momwe muli odwala impso ambiri, anamwino ambiri, ndi amayi otsuka pansi ndi kutaya zinyalala za m'wodi, amene nthawi zambiri amaiwalika pokamba za chitetezo cha ogwira ntchito. Munthu wogwira magazi tsiku lililonse popanda katemera, pamene katemerayo alipo ndipo ndi wotchipa, waponyedwa pangozi ndi abwana ake.

Palinso nkhani ya kuika anthu magazi. Impso zikafa, thupi limaleka kupanga bwino magazi, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa erythropoietin pamodzi ndi ayironi. Mankhwalawa akasowa, chotsala ndi kumuika munthu magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limayeza magazi ake HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko, ndipo ntchito imeneyi ndi yoyamikika, koma thumba lililonse la magazi limakhalabe ndi kangozi kake, ndiponso limachititsa thupi kupanga chitetezo chimene chingadzakane impso m'tsogolo. Wogula mankhwala amene amaona erythropoietin ngati chinthu chongowonjezera, choyamba kudulidwa bajeti ikachepa, sakudziwa chimene akudula.

Amalawi ambiri oikidwa impso amapita kunja, makamaka ku India, ena pothandizidwa ndi boma, ena atasonkherana pa banja ndi ku mpingo. Kumeneko amachita dialysis kwa masabata podikira opaleshoni, nthawi zina amaikidwa magazi. Ku Britain, wodwala wobwera kuchokera ku dialysis ya kudziko kumene matendawa ndi ofala amayezedwa mobwerezabwereza kwa miyezi ingapo, ndipo amasamalidwa mwapadera mpaka zitatsimikizika kuti sanabwere ndi kachirombo. Ifenso tiyenera kutero, ndipo boma likamatumiza munthu ndi ndalama za misonkho, lizifuna zolembedwa zoonetsa mmene wopereka impso anayezedwera, ndi njira yanji, tsiku liti. Kwa mabanja amene akunong'onezedwa za anthu ogulitsa impso mwachinsinsi, tikuchenjeza mwamphamvu. Mgwirizano wa ku Istanbul wa 2008 unatsutsa malonda amenewa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti wogulitsa impso chifukwa cha umphawi sanganene matenda ake, ndipo dokotala wochita opaleshoni mobisa alibe chifukwa chomufunsira.

Tidzudzulenso mantha olakwika. Munthu amene ali ndi HIV safunika chipinda chapadera kapena makina apadera pa dialysis. Ukhondo womwe uja woyenera kwa aliyense ndi wokwanira. Kumukankhira kumapeto kwa mzere chifukwa cha kachiromboka ndi tsankho lopanda maziko. Ku South Africa, pa nthawi imene odwala HIV ankakanizidwa dialysis m'zipatala za boma, dokotala Elmi Muller wa pa Groote Schuur Hospital ku Cape Town anayamba mu 2008 kuika impso za anthu a HIV mwa odwala a HIV anzawo, ndipo ambiri anakhala ndi moyo. Dziko ngati lathu, lomwe mu 2021 pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 11 anali ndi kachiromboka, silingamange chithandizo cha impso chopatula anthu otere.

Hepatitis C nayo lero imachizika. Mapilitsi amakono, amene anayamba kufala kuchokera mu 2013, amachiritsa anthu oposa 95 pa 100 m'masabata 8 mpaka 12, ndipo alipo oyenera odwala impso. Egypt yomwe ija, imene inali ndi chiwerengero chokwera kwambiri cha matendawa padziko lonse, inayeza anthu mamiliyoni ambiri kuyambira mu 2018 n'kuchiza opezeka nawo, mpaka bungwe la WHO linaiyamikira mu 2023. M'chipinda cha dialysis muli anthu owerengeka, odziwika maina, obwera okha sabata iliyonse. Kuwayeza onse ndi kuchiza opezeka ndi kachirombo ndi ntchito ya miyezi yochepa, ndipo aliyense wochira ndi gwero limodzi la matenda limene latsekedwa kwa anzake okhala nawo pafupi.

Tsono a Nduna ya Zaumoyo, ndi inu akuluakulu a zipatala za boma ndi zomwe si za boma, tikufuna chiwerengero chimodzi, chaka ndi chaka, poyera: mwa odwala amene anayamba dialysis alibe hepatitis B, hepatitis C kapena HIV, ndi angati amene pano ali nako. Chipinda chilichonse cha dialysis chimene chimayeza odwala ake monga mwa malamulo chingapereke yankho limeneli tsiku lomwelo. Chimene chingalephere kuyankha chadziulula chokha kuti sichiyeza. Komiti ya zaumoyo ya ku Nyumba ya Malamulo ifunse funso limeneli pamodzi ndi linzake: ndi angati mwa ogwira ntchito m'zipindazi, kuphatikizapo otsuka, amene analandira katemera wonse. Mabungwe oyang'anira madokotala ndi anamwino azilowa m'zipindazi mosayembekezeka, aone pamene mankhwala akukonzedwera, aone ngati botolo limodzi likuzungulira mipando.

Odwala ndi magadiyani awo nawonso ali ndi ufulu wofunsa, ngakhale tikudziwa kuti n'kovuta kufunsa munthu amene mawa adzakubayanso singano. N'chifukwa chake udindowu tikuuika kwa akuluakulu: zotsatira za kuyeza kulikonse zizilembedwa m'buku la kuchipatala la wodwalayo, pamodzi ndi tsiku lake, kuti mwini wake aziona. Wodwala mmodzi yekha akasintha kuchoka pa wopanda kachirombo kufika pa wokhala nako, unduna uuzidwe sabata yomweyo, onse okhala naye m'chipindamo ayezedwe, ndipo iyeyo auzidwe pamaso, ndi dokotala wamkulu, mmene zachitikira. Mkazi wake kapena mwamuna wake ayezedwe n'kubayidwa katemera ngati n'koyenera, ndipo mankhwala onse ochizira matenda amene watengera m'chipatala alipire ndi chipatalacho.